Madzi a Mulanje amatsika okha, ndalama zathu n'zimene zikukwera phiri

Abale anga, sabata ino sindinabwere ndi ndakatulo kapena nthano. Ndabwera ndi mkwiyo, ndipo ndikufuna tigawane, chifukwa ndalama zimene ndikuti tikambiranezi ndi zanu. Mumazipereka nthawi iliyonse mukagula sopo, mayunitsi kapena lita ya petulo.

Ngati simunafikeko ku Limbuli nthawi ya njala, tsiku lina mudzakwere minibasi pa Limbe, mudzere msewu wa Midima, mupitirire pa Nkando ndi pa Chitakale mpaka kufupi ndi chipata cha Muloza. Muli m'njiramo muziwerenga milatho. Muwoloka Thuchila, muwoloka Likhubula, kenako Lichenya, kenako Ruo. Kumanzere kwanu phiri la Mulanje lili njo, nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, madzi akutsika m'matanthwe popanda wowakankha. M'mbali mwa msewu tiyi ali biriwiri. Ndiye mukafika pamsika muyang'ane njinga zochokera ku Milange, tsidya la Mozambique, zitasenza matumba a chimanga awiri atatu. Chimangacho akugula ndi anthu a m'boma lomwe lija la mitsinje mwawerengayo. Ena mwa iwo amachokera dera limene ngakhale a zaulimi amalilemba m'mabuku awo kuti Msikawanjala. Dzina limenelo sindinapeke ine ayi.

Mwina mukuti, "Aaa, nkhani yake ndi umphawi basi, boma lilibe ndalama." Zoona, ndife dziko losauka, sindikutsutsa. Koma wosauka ndi amene amayenera kuwerenga tambala iliyonse kuposa wolemera. Mayi wa geni amene ali ndi mpamba wochepa sagula zinthu chifukwa zikuoneka bwino pa benchi, amagula zimene zibweze ndalama yake. Ife ndalama za ulimi timazigawa ngati munthu amene wapeza za ulere pamaliro a mlendo. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiinena poyera: ndalama za ulimi wothirira tiziziyeza ndi mahekitala amene akulandirabe madzi patatha zaka zisanu, ndipo zizipita koyamba kumene kwacha imodzi ithirire malo ambiri kwa nthawi yaitali. Muyeso umene tikugwiritsa ntchito pano ndi wa kukula kwa tenti, kuchuluka kwa magalimoto ndi kutalika kwa riboni pa tsiku lotsegulira.

Tiyeni tione manambala pang'ono, musathawe. M'chaka cha 2015 boma linatulutsa pulani yaikulu ya ulimi wothirira, ija amati Irrigation Master Plan, yoti itsatidwe mpaka 2035. Pulaniyo imati dziko lino lili ndi malo okwana mahekitala 407,862 oti angathe kuthiriridwa. Nthawi imeneyo amene anali atakonzedwa anali cha m'ma 104,000 okha, ndipo pafupifupi theka lake anali a maesiteti a nzimbe, tiyi ndi mbewu zina. Cholinga chinali kufika pa mahekitala 220,000 pofika 2035. Pulani yabwino ndithu, anthu ophunzira anakhalira pansi. Koma taonani mawu akuti "okonzedwa". Amenewa ndi amene andale amakonda kuwatchula pamsonkhano. Sikimu imene inakwiririka ndi mchenga dzana ili m'gulu la malo okonzedwa. Pampu imene inafa, mbuzi n'kumagona pamthunzi wa masola ake, nayonso inawerengedwa kale. Papepala tikuthirira. M'munda muli fumbi lokhalokha.

Nanga ndalama za ulimi zimathera kuti? Musamve zoti dziko lino silipereka ndalama ku ulimi. Mu 2003 atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Maputo kuti dziko lililonse lizipereka 10 peresenti ya bajeti yake ku ulimi, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko ochepa amene kawirikawiri akhala akufikapo. Vuto ndi lakuti gawo lalikulu la ndalamazo limalowa m'thumba limodzi, la feteleza wa makuponi. Chiyambireni pulogalamu ya FISP mu 2005, nthawi ya a Bingu wa Mutharika, ndale zathu zonse zakhala zikuvina mozungulira thumba la makilogalamu 50. M'chaka cha 2008/09 pulogalamuyi inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko. Mu 2020 inabwera AIP ndi K160 biliyoni m'chaka chake choyamba, thumba likugulidwa pa K4,495. Tinaomba m'manja, ine ndemwe ndinaomba nawo.

Ndiye kenako kumwamba kunatseka. Pa 23 Malichi 2024 a Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Feteleza uja anali atathiridwa kale m'nthaka. Chimanga chinafota chisanamasule, ndipo mabiliyoni aja anauma nacho limodzi. Feteleza popanda madzi ali ngati mchere popanda ndiwo. Ndipo musaiwale kuti feteleza yense timagula kunja ndi madola amene tilibe. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ulendo uliwonse thumba lomwelo limafuna makwacha ochuluka kuposa chaka chatha. Musaiwalenso K750 miliyoni imene inatumizidwa mu 2022 ku kampani ina ya ku UK yodziwika ndi malonda a nyama, akuti itipatse feteleza. Nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, anachotsedwa pampando mu Okutobala chaka chomwecho. Mudzifunse nokha kuti ndalama yoteroyo ikanawaka mamita angati a ngalande.

Musandimve molakwa. Sindikuti makuponi athe mawa m'mawa. Amayi anga omwe amadikira thumba limenelo, ndipo ndikudziwa nkhope yawo dzina likasowa m'kaundula. Chimene ndikunena n'chakuti thumba la feteleza limatha nyengo imodzi, chaka chamawa uyambirenso kupempha, pamene ngalande yowakidwa bwino imatha kudyetsa mwana ndi mdzukulu. Boma limene lili ndi maso likanamachotsa kagawo chaka ndi chaka kuchokera ku zinthu zotha nyengo imodzi n'kukaika ku zinthu zokhalitsa. Koma ngalande siivala nsalu ya chipani, eti? Ngalande siigawidwa pamsonkhano. N'chifukwa chake imakhala kumapeto kwa mzere.

Tsono ngakhale ndalama zochepa zimene zimapita ku ulimi wothirira nazo zili ndi matenda ake. Mukukumbukira Green Belt Initiative? Tinauzidwa kuti mahekitala 1 miliyoni m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje asanduka obiriwira chaka chonse. Patapita zaka zochepa, pulani ya boma lomwelo inati malo onse oti n'kuthiriridwa sakufika ngakhale theka la miliyoni. Ndiye miliyoni ija inachokera kuti? Inachokera pa maikolofoni. M'zaka zomwezo dziko linabwereka madola 50 miliyoni ku India, ndipo zina mwa ndalamazo zinagula mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144 oti athandize alimi ang'onoang'ono. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, inapeza kuti ambiri mwa mathirakitalawo anagulitsidwa motchipa kwa anthu audindo ndi ena otakata. Ngongoleyo tikubweza tonse, kuphatikizapo mayi uja akugula chimanga cha pambale ku Limbuli. Kunalinso nyengo ya mathiredo pampu, aja opalasa ndi miyendo, amene ankagawidwa kudzera kwa aphungu. Mukayenda m'midzi lero mupeza ena asanduka pokhalira nkhuku. Palibe anaganiza zoti timphira ta m'kati mwake timatha, ndipo m'golosale ya m'mudzi simugulitsidwa timphira.

Ena anena kuti, "Koma mlembi, bwanji osatchula Shire Valley?" Nditchula. Shire Valley Transformation Programme ndi ntchito yaikulu, ngalande yochokera pa Kapichira yoti idzathirire mahekitala 43,370 ku Chikwawa ndi Nsanje. Ndikuifunira zabwino, abale athu a kuchigwa avutika mokwana. Koma mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula pa damu la Kapichira n'kuwononga pamene ngalandeyo imatengera madzi, dziko lonse n'kukhalanso mumdima kwa miyezi. Phunziro lake n'losavuta: ukaika mazira onse a dziko m'chisa chimodzi, njoka imodzi imakusiya manja lende. Pamene tikudikira ngalande ya kuchigwa, anthu oposa 680,000 amene anawerengedwa ku Mulanje mu 2018 azidya chiyani? Madzi a pa Kapichira sadzakwera kubwerera ku Mthiramanja kapena kwa Njema.

Ndipo si koyamba kuphunzitsidwa. Masikimu a mpunga a nthawi ya a Kamuzu, monga Muona ku Nsanje, Likangala ku Zomba, Limphasa ku Nkhata Bay ndi Hara ku Karonga, anayenda bwino pamene panali wowasamalira. Chisamaliro chitatha ngalande zinang'ambika, zitseko za madzi zinachita dzimbiri, mpaka tinapitanso ku World Bank kukapempha ndalama zokonzera zimene tinali nazo kale. Sikimu ya Bwanje ku Dedza, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Patangopita zaka zochepa madzi osefukira a mumtsinje wa Namikokwe anaiwononga, a Japan n'kubweranso kudzakonza. Kenako kunaoneka kuti m'chilimwe madzi sakwana, n'kumanganso damu ndi ndalama za European Union. Kumanga timatha, makamaka wolipira akakhala mlendo. Kusunga n'kumene kunatikana.

Ndikuuzeni za kwathu, kumunsi kwa phiri. Dzina la mudzi ndi la eni polojekiti ndisunga. Zaka zingapo zapitazo kunabwera sikimu ya pampu ya sola. Tsiku lotsegulira kunali magule, kunali mpunga wa nyama, magalimoto oyera anadzaza bwalo la mpira. Chikwangwani chake chinali chachikulu kuposa chitseko cha tchalitchi. Chaka choyamba anthu anadya mondokwa mu Okutobala, ana anapita kusukulu ndi nsapato. Atsibweni anga anasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti, ndipo ankayenda ndi kope lawo m'jumbo ngati Baibulo. Chaka chachitatu pampu inangoti zii. Anthu a polojekiti anali atatseka mabuku n'kupita. Kontirakitala foni yake inasiya kupezeka. Ndili kumudzi pa tchuthi atsibweni anandiitanira kuseri kwa nyumba, n'kutulutsa kabokosi kopserera m'thumba la jekete.

"Mphwanga, iwe umakhala m'tauni. Kulibe munthu kumeneko wodziwa kanthu aka?"

"Atsibweni, nanga aja anabweretsa sanakusiyireni nambala ya wokonza?"

"Anatisiyira malaya olemba dzina la polojekiti. Ndi awa ndavalawa."

Ndinazungulira nako m'mashopu a ku Limbe masiku awiri. Wina anati n'kofunika kuitanitsa kunja, wina anati mtundu umenewo unasiya kubwera. Mtengo wake sukanaposa mbuzi zingapo, koma sikimu ya mamiliyoni inagona chifukwa cha kabokosi kokwana m'dzanja. Pamene Freddy amabwera mu Malichi 2023 anangodzamaliza mtembo: mchenga ndi miyala zinadzaza potengera madzi, mapaipi ena anakokoloka. Lero azimayi abwereranso ku ndowa ndi makheni, kutsika ndi kukwera m'gombe mpaka msana kuwawa. Chikwangwani chokha ndi chimene chikadali chilili. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti pamwamba pa mudzi womwewo pali kamtsinje kotsika m'phiri. Madzi ake safuna dizilo, safuna sola, safuna kabokosi kochokera kunja. Amafuna kakhoma kowatchinga, paipi kapena ngalande yowaka ndi miyala ndi simenti, ndi dziwe losungira madzi a usiku kuti m'mawa athirire. Miyala ili pompo, mchenga uli pompo, amisiri omanga ali m'mudzi momwemo. Chikang'ambika, mmisiri wa m'mudzi amachimata ndi thumba limodzi la simenti. Koma ntchito yotere ilibe katundu wambiri woitanitsa kunja, ndipo pamene palibe kuitanitsa katundu palibenso poti munthu anyambitepo chala. Ndanama?

Musaganize kuti ndikulota. Mulanje anachitapo kale zimenezi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kuyambira ku Chingale m'boma la Zomba kenako kwa Chambe kuno ku Mulanje, kunayamba ntchito ya madzi akumwa a m'mipopi oyenda okha kuchokera m'phiri. Boma linkapereka mapaipi ndi akatswiri, anthu a m'midzi ankakumba okha ngalande ndi makasu awo, mudzi uliwonse gawo lake, makilomita ndi makilomita. Agogo athu anakumba nawo. Ntchitoyo inatchuka mpaka maiko ena ankabwera kudzaphunzira. Mipopi yambiri inadzauma pambuyo pake, ndipo chifukwa chake ndi matenda omwe aja, kusowa ndalama zokonzera. Ku Bondo, madzi a mu Lichenya akupukusa makina a bungwe la MEGA n'kuyatsa magetsi m'nyumba za anthu a m'mudzi. Maesiteti a tiyi anadziwa kalekale mtengo wa madzi a m'phirili, ena ali ndi madamu awoawo, ena amapanga magetsi awo mu Ruo. Ndipo mzinda wa Blantyre utamva ludzu, boma silinachedwe: linabwereka madola 23.5 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, mapaipi anayalidwa kuchokera mu Likhubula kukafika ku Nguludi, kuti malita 20 miliyoni patsiku azipita m'tauni. Anthu ena a ku Mulanje anachita zionetsero, ankati yambani mwabzala mitengo m'phirimo ndipo ganizirani eni dera. Ine sindidana ndi woti m'bale wanga wa ku Bangwe amwe madzi. Ndikungoti, ngati nzeru ndi ngongole zinapezeka zotengera madzi a Likhubula ulendo wonsewo, zikulephera bwanji kupezeka zowatsitsira m'munda umene uli pamtunda wa kilomita imodzi?

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukonzekera kulemba m'munsimu, ndiye ndiyankhiretu.

Woyamba ati, "Ku Mulanje kulibe malo, nthaka yabwino inapita ku tiyi." N'zoona, ndipo nkhani ya malo ndi bala lakale limene lifunika tsiku lakelake. Koma kuchepa kwa malo ndiye chifukwa chenicheni chothirira. Munthu wa munda waukulu angathe kudalira mvula n'kukolola kamodzi. Munthu wa kamunda kosakwana ekala alibe mwayi umenewo. Iyeyo njira yokhayo yokulitsira munda wake ndi kuukolola kawiri kapena katatu pachaka. Sitingamuwonjezere nthaka, koma tingamuwonjezere miyezi.

Wachiwiri ati, "Mitsinje yake imaphwa m'chilimwe." Inde ikuphwa kuposa kale, ndipo tonse tikudziwa chifukwa. Mkungudza unatha m'phiri, matumba a makala akutsika usiku ndi usana, anthu akulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Phiri lopanda mitengo limataya madzi onse tsiku limodzi ngati Napolo, kenako n'kukhala gwa miyezi isanu ndi umodzi. Anthu a ku Phalombe anaziona mu 1991, ife tonse tinazionanso ndi Freddy. N'chifukwa chake ndikuti ndalama yosamalira nkhalango ya kumtunda ndi ndalama ya ulimi wothirira ndithu. Kumanga sikimu kumunsi uku kumtunda kukupsa ndi kutunga madzi ndi dengu. Bajeti ya sikimu iliyonse izikhala ndi gawo la mitengo, la vetiva ndi la malipiro a anthu olondera kumene madziwo akuchokera.

Wachitatu ati, "Akalima agulitsa kuti?" Funso labwino kwambiri limenelo. Tonse tinaonapo tomato akuwolera m'mabasiketi pamsewu chifukwa sikimu yonse inabzala mbewu imodzi sabata imodzi. Tikukumbukanso mmene mtengo wa nandolo unagwera mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula, alimi a ku Mulanje n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Koma taonaninso mbali inayi. Nthochi za ku Mulanje ndi Thyolo zitatha ndi matenda a chisaka, misika ya m'tauni inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Chimanga chikulowa pa Muloza. Msika ulipo, tikuudyetsa ndi zakunja. Chofunika ndi mlangizi woti athandize alimi kubzala mosinthana, kamsewu koti galimoto ifike, ndi kanyumba kosungiramo zokolola. Zimenezi n'zotchipa poyerekeza ndi sikimu, koma zikasowa sikimu yonse imasanduka yopanda phindu.

Ndiye ndikufuna chiyani? Osati zozizwitsa ayi. Choyamba, tisanamange sikimu yatsopano ngakhale imodzi, boma liwerenge masikimu onse amene alipo, boma ndi boma, liuze anthu kuti ndi angati akugwira ntchito, angati anafa ndipo anafa ndi chiyani. Kudzutsa hekitala imene inagona kawirikawiri n'kotchipa kuposa kumanga yatsopano, chifukwa malo anagawidwa kale, alimi alipo kale, ngalande zina zikadalipo. Ndalama ziyambire pamenepo.

Chachiwiri, pasapezeke polojekiti yovomerezedwa popanda ndalama yokonzera ya zaka zisanu, yosungidwa payokha, yoti singabwerekedwe kukalipira maalawansi a semina ya kunyanja. Alimi nawo azisonkha kudzera m'mabungwe awo a ogwiritsa ntchito madzi, aja timati ma WUA, koma zazikulu monga khoma logumuka ndi namondwe zikhale za boma, ndipo ndalama yake izifika isanathe nyengo yobzala.

Chachitatu, kumene madzi angathe kuyenda okha, monga m'munsi mwa phiri la Mulanje, ayambe ndi amenewo. Pampu ibwere pokhapokha njira ina palibe, ndipo ikabwera ikhale ya mtundu umene zipangizo zake zimapezeka m'dziko muno, ndi wachinyamata wa m'deralo wophunzitsidwa kuikonza.

Chachinayi, kontirakitala asamalandire ndalama yake yomaliza tsiku la riboni. Adikire dzinja lidutse kawiri. Khoma likapirira mvula ya Mulanje zaka ziwiri, alipidwe ndi chimwemwe. Likagwa, abwere adzamange ndi ndalama yake.

Chachisanu, zonse zilembedwe poyera. Pa bolodi la kukhonsolo ndi pa sikimu pomwepo pakhale pepala m'Chichewa: ndalama zinali zingati, anapatsidwa ntchito ndani, mahekitala ndi angati, hekitala imodzi yadya zingati, ndipo chaka chino akuthiriridwa ndi angati. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linafika pa K200 miliyoni dera lililonse mu 2024. Phungu aliyense atiuze kuti pa ndalamazo ndi zingati zinagwa m'ngalande. Ndipo injiniya ndi mlangizi wa m'boma apatsidwe mafuta a njinga yamoto. N'zomvetsa chisoni kuti munthu wodziwa kukonza sikimu amakhala mu ofesi chifukwa chosowa malita asanu, pamene gulu la magalimoto limawotcha matanki athunthu kupita kukadula riboni.

Tsopano ndibwere kwa inu ndi ine, chifukwa mlandu uwu si wa ku Capital Hill kokha. Andale amagulitsa zimene ife timagula. Munthu akaima pamsonkhano n'kunena kuti "ndidzakonza ngalande zakale," timayasamula. Wina akati "thumba lidzakhala pa mtengo wakuti," timagubuduka ndi nthungululu. Masola a m'masikimu amene amabedwa usiku saba ndi nduna, amaba ndi ana athu, ndipo ogula ake ndi ife. Amene amakana kusonkha ya WUA koma madzi akufuna, ndi ife. Amene amatseka madzi kumtunda kuti a kumunsi aone zakuda, ndi ife. Makala amene akumeta phirili akupsa pa mbaula zathu ku Ndirande ndi ku Chilomoni. Ndipo ife a m'gulu lino, amene timatha kulemba ndakatulo khumi za kukongola kwa Sapitwa ndi nkhungu ya chiperoni, ndi angati tinalembapo za paipi yosweka? Phirili taliimbira mokwana. Madzi ake akudutsa pakhomo pa anthu anjala kupita ku Shire, ife tili kalikiliki kusaka mawu okoma.

Ndikupempheni kanthu kamodzi, kosafuna ndalama. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, pitani kwanu. Kaya ndi kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Nkanda, kwa Juma, kaya ndi boma lina lililonse. Funsani kuti sikimu imene inatsegulidwa ndi magule ija ili pati. Pitani mukaione ndi maso anu, mugwire m'ngalandemo ndi dzanja. Mukapeza chinyezi, jambulani, mutiuze amene akuisamalira kuti tiwayamike ndi kuphunzira kwa iwo. Mukapeza fumbi, jambulaninso, mufunse a komiti kuti chinafa n'chiyani ndipo chikufuna zingati. Kenako funso lomwelo mukalipereke kwa khansala ndi phungu wanu, pamaso pa anthu, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Akakuuzani za sikimu yatsopano imene ikubwera, muwayankhe kuti, "Zikomo bwana, koma yakale ija bwanji?"

Atsibweni anga akadasungabe kabokosi kopserera kaja m'thumba la jekete, pamodzi ndi kope la komiti. Ulendo uliwonse ndikapita amandifunsa ngati ndapeza wokonza. Chaka chino akuti atenga makasu ndi anzawo asanu ndi mmodzi, akayambe okha kukumba kangalande kuchokera ku kamtsinje ka pamwamba kaja. Akusowa simenti ndi munthu wodziwa kuyeza kutsetsereka kwa nthaka. Zinthu ziwiri zokhazo basi. Bajeti ikamadzawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo, inu mudzatchere khutu, mudzandiuze ngati mwamvamo simenti ya atsibweni.